Mitanda ya Injini ya Apongozi

Linali Lachiwiri loyamba la mwezi wa Okutobala, nthawi ikuthamangira teni koloko m'mawa, pamene alamu anga anaimba foni. Ndinali m'garaja yathu ya ku Area 2, manja ali mu jenereta ya kasitomala. Ndinapukuta dzanja limodzi n'kuyankha.

"Alamu, injini ija yafika. Madala akuti mubwere mudzaimange."

"Akutero ndi iwo kapena inu?"

"Iwo. Ine ndikanakonda mukanakana, nkhani ithere pomwepo."

Alamu angawa ndi achimwene a akazi anga. Amagwira ntchito mu ofesi ku City Centre ndipo amakhala ku Area 15, m'nyumba ya mpanda wa njerwa yokhala ndi bwalo lalikulu kuseri. Pabwalo limenelo ndi pamene apongozi anga aamuna anakhala akukhoma boti kwa zaka zingapo. Iwo anabadwira ku Nkhotakota, ndipo ali mnyamata anathandizako okhoma maboti, koma moyo wawo wonse wa ntchito anauthera ku Old Town, kupanga zitseko, mafelemu ndi makabati. Atatseka shopu ananena kuti sadzabwerera kwawo chimanjamanja ngati munthu wothamangitsidwa. Adzabwerera ndi boti lonyamula anthu ndi katundu. Ana awo anaseka. Ataona matabwa a mlombwa akutsitsidwa pa lole, anasiya kuseka n'kuyamba kudandaula.

Ine ndi apongozi sitinakanganepo, komanso sitinazolowerane. Ndine Mkhristu wa kumudzi konkuno ku Lilongwe, iwo ndi Msilamu, ndipo ukwati wathu anauvomera mochedwa. Atauvomera sanabwererenso m'mbuyo. Komabe tinkakhalirana monga mwambo umanenera: ndikafika ndimavula chipewa, ndimakhala chapatali, sitidyera m'mbale imodzi, ndipo mawu olemera amadzera mwa akazi anga. Pa zaka zonsezo anali asanandipemphepo kanthu. Aka kanali koyamba.

Ndinafika madzulo a tsiku lomwelo. Botilo linali pansi pa mtengo wa mango, litakhazikidwa pa zitsa zitatu za bulugama, china kutsogolo, china pakati, china kumbuyo. Injini anali ataikweza kale ndi tcheni n'kuiika m'kati, dizilo yakale ya masilinda awiri, yolemera ngati ng'ombe, yokhala ndi giyabokosi yake. Inakhala pa mitanda iwiri ya mlombwa yogona m'litali mwa boti. Apongozi anakwera nane pamakwerero, pang'onopang'ono, n'kusisita mtanda umodzi ndi chikhatho.

"Ndinakoka ulusi kuchokera pa bowo la shafuti mpaka kutsogolo," anatero. "Ndinaipala motsatira ulusiwo, boti lisanalemedwe ndi kanthu. Inu mungomanga, akamwini."

Maso awo anali atachita ng'ala. Ndinaona kuti polankhula ankayang'ana pambali pang'ono pa mtandawo, ndipo chimene chinkaona chinali chikhatho.

Boti ndinali ndisanaligwirepo, koma ntchitoyi ndi yomwe ija ya pampu ndi mota yake. Shafuti ndi chitsulo chachitali chochokera ku injini, chotulukira pa bowo la kumbuyo kwa boti n'kukazunguza pulopela m'madzi. Kunsonga kwake kwa m'kati kuli mbale yachitsulo, ndipo giyabokosi ilinso ndi mbale yake. Mbale ziwirizi ziyenera kukumana zokha, paliponse mofanana, mabawuti asanalowe. Mpata wololedwa pakati pawo ndi wochepa ngati kupyapyala kwa pepala. Timauyeza ndi fila geji, timipeni tachitsulo topyapyala mosiyanasiyana timene timalowetsa pamwamba, pansi ndi m'mbali mwa mbalezo.

Lachitatu ndinalawirira. Ndinatsuka mbale zonse ziwiri ndi palafini, n'kukoka shafuti mpaka zitakhudzana. Pamwamba zinagwirana bwino. M'mbali munalibe vuto. Pansi panali mpata woti ndinauona ndi maso ndisanatulutse n'komwe fila geji. Ndinasanjikiza timipeni tingapo, tonse tinalowa.

Ndinayamba ndakayikira shafuti, chifukwa chitsulo chilibe mwini woti angakhumudwe. Ndinaizunguza pang'onopang'ono. Ikanakhala yopindika, mpatawo ukanazungulira nayo. Mpata unakhalabe pansi. Kenaka ndinadula timalata ku chitini cha oilo n'kuika pansi pa miyendo ya kumbuyo ya injini kuti kumbuyoko kukwere. Mpata unachepa, koma mbale ya giyabokosi inakwera kuposa inzake, mabowo a mabawuti osayang'ananso. Ndinachotsa timalata, ndinayesanso, zinali zomwezo. Panatsala yankho limodzi. Kutsogolo kwa injini kunali kokwera, ndipo kamalata kamakweza, sikatsitsa. Mitanda inafunika kupalidwa. Kunena mwachidule, apongozi anali atakhotetsa.

Iwo anali pa mpando wawo pansi, mumthunzi, akumvetsera kulira kwa sipanala.

"Zikukumana, akamwini?"

"Tikuyesa, Bambo."

"Yesani. Chitsulo chimafuna kuchinyengerera."

Panali njira yachidule, ndipo makaniko aliyense amaidziwa. Ukalowetsa mabawuti n'kumanga ndi mphamvu, mbale zimagwirana mokakamizidwa ndipo palibe amene angaone kanthu. Injini imalira bwinobwino pabwalo. Koma shafuti imakhala ikupindidwa nthawi iliyonse ikazungulira. Imadya bowo lake, madzi amayamba kulowa, ndipo tsiku lina imathyoka. Pa pampu zikatero munda umangogona ndi ludzu. Boti likhala lili pakati pa madzi, muli anthu. Njira imeneyo sindinaiganizire nthawi yaitali.

Madzulo alamu anandiperekeza pa galimoto mpaka ku depoti. Tili pa mzere wa magalimoto pa mlatho anazimitsa wailesi.

"Mungondiuza zoona, alamu. Pali vuto eti? Nkhope yanu ija ndimaidziwa, ndi yomwe munabwera nayo kudzafunsira."

"Sindinamalize kuyeza."

"Tamverani. Pulojekiti imeneyi yatipatsa sitiresi tonse. Madala sakuona, koma ukawauza amangoti dzanja likuona. Mukapeza kuti china chake chakhota, mundiuze ine. Ndiitana abale, tiwakhazike pansi, injini tigulitse, boti likhale khola la nkhuku. Inu ndinu makaniko, mawu anu sangawatsutse."

Alamu sanali munthu woipa. Ankaopa kuti bambo awo adzamira. Koma ndinaona kuti mawu anga anayi okha, akuti mitanda ija ndi yokhota, akanatseka ntchito yomaliza ya munthu amene moyo wake wonse sanapachikepo chitseko chokhota.

Kunyumba ndinapeza akazi anga akusankha nsapato za kaunjika zimene amagulitsa ku msika wa Tsoka. Ndinakhala pa mpando n'kuwafotokozera zonse, mpaka za timalata.

"Ndiye mukufuna ine nditani, abambo?"

"Mukawauze mwa njira yanu. Inu amakumverani."

"Ndikawauze kuti amuna anga akuti simudziwa kupala thabwa?"

"Sindinatero."

"Adzamva choncho. Ine zonse ndakhala ndikukunyamulirani, za maliro, za sukulu ya ana, za Khirisimasi. Iyi ayi. Akakandifunsa kuti yakhota pati, ndikaloza pati? Ndimadziwa fila chiyani chanucho ine?"

Anagwirizanitsa nsapato ziwiri zidendene, n'kuziika pambali.

"Anaitana inu. Sanaitane ine."

Lachinayi ndinagwira ntchito m'garaja ngati munthu wodwala mutu. Masana ndinapita kwa mnzanga wina kalipentala kuseri kwa msika n'kubwereka puleni yopalira matabwa. Ndinali nditaganiza chochita. Lachisanu masana apongozi amapita ku mzikiti ku Old Town, ndipo akatha kuswali amachedwa ndi anzawo akale. Ndikanakweza injini ndi tcheni, kupala kutsogolo kwa mitanda yonse iwiri, kusesa zopalidwazo, kupaka oilo wakuda pamalopo n'kubwezera injini. Iwo sakanaona. Alamu sakanamva kanthu. Sindinakondwe nayo njira imeneyi, chifukwa kugwira ntchito ya mmisiri mnzako iye kulibe ndi mwano, koma ndinaiona yopepuka kuposa kutsegula pakamwa.

Lachisanu kunatentha kuyambira m'mawa. Ndinakhala ndikutsuka zosefera dizilo ndi kumanga mapaipi mpaka apongozi atatuluka m'nyumba atavala mkanjo woyera ndi kofia.

"Ndapita, akamwini. Musadzipanikize."

"Muyende bwino, Bambo."

Geti itatsekedwa ndinakwera m'boti ndi chikwama changa. Ndisanakweze injini ndinafuna kuyeza komaliza, kuti ndidziwe kuchuluka kwa thabwa loyenera kuchoka. Ndinagona cham'mbali, n'kulowetsa timipeni tanga pansi pa mbale zija mpaka titagwira zolimba. Ndinatisiya tili chilendewere pomwepo n'kuyamba kuwerengera mumtima.

Ndinaiwala kuti Lachisanu maofesi ambiri amaweruka masana. Ndinangomva makwerero akulira, kenaka mutu wa alamu unatulukira, tayi ili paphewa, botolo la chakumwa chozizira m'manja.

"Amisiri! Mwagona? Ndimadziwa ine kuti amakaniko mumalipiritsa tulo."

"Khalani konko, alamu, malo ndi ochepa."

"Boti la bambo anga mundiletse kukwera?"

Alamu ndi munthu wathupi. Anadumphira m'kati n'kuima pafupi ndi injini, pakati penipeni pa boti. Nthawi yomweyo fila geji yanga inapulumuka pa mbale zija n'kugwera pansi, ngwee.

Ndinaiyang'ana. Inali itagwira zolimba, ndipo palibe anaikhudza. Ndinaitola n'kuilowetsanso. Inalowa mosavuta, mpaka kumagwedera.

"Alamu, tatsikani."

"Aa, mwakwiya?"

"Tsikani kaye. Ndikuitanani."

Anatsika akung'ung'udza. Ndinayeza. Timipeni tinagwiranso zolimba ngati poyamba.

"Kwerani."

"Mwandiyesa thumba la simenti?"

"Matumba awiri. Kwerani, muime pomwe munaima paja."

Anakwera, mpata unakula. Anatsika, unabwerera. Mitanda yokhota siisintha chifukwa munthu waima pambali pake. Chimene chinkapindika chinali boti lonse.

Ndinatsika n'kukwawira pansi pake. Chitsa cha kutsogolo chinali cholimba, cha kumbuyo chimodzimodzi. Cha pakati chinkaoneka bwinobwino, chitakhudza msana wa boti ngati zinzake. Koma mbali yoyang'ana kumpanda inali yomatidwa ndi dothi lofiira. Ndinachibaya ndi sikuludiraiva, ndipo inalowa yonse mpaka chigwiriro, ngati ndabaya papaya lakupsa. Chiswe chinali chitadya m'kati monse n'kusiya khungwa lokha. Botilo linali litagonera pa nsonga ziwiri, ndipo injini yolemera ija itaikidwa pakati, msana unagonja.

Ndinakhala pansi pomwepo, m'fumbi, kwa kanthawi. Ndinaganiza za puleni imene inali m'chikwama, pamwamba pa mutu wanga.

"Mwapeza njoka?" anafunsa alamu atawerama.

"Tengani jeki ya galimoto yanu. Ndi thabwa lochindikala."

Sindinafune kungokankha boti mpaka mbale zitakumana, chifukwa kutero kukanakhala kudzinamiza. Ndinamanga ulusi m'mbali mwa msana wa boti, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kuukoka zolimba. Pakati msanawo unali utatsika kupitirira ulusi pafupifupi kunenepa kwa chala. Tinachotsa chitsa chovundacho, chimene chinaphwanyikira m'manja mwathu, chiswe chili piringupiringu. Pamalo pake tinaika jeki ndi thabwa. Alamu anavula tayi n'kugwada ndi buluku la ku ofesi.

"Pang'onopang'ono. Ili si tayala."

"Ndikudziwa, bwana makaniko."

Matabwa analira chapansipansi. Ndinayang'anitsitsa ulusi, osati china chilichonse. Msana utafanana nawo ndinati basi. Kenaka ndinakwera m'boti, n'kukankhira shafuti kumbuyo, n'kuikokanso kuti mbale zikumane mwatsopano.

Zinakumana ndi kaphokoso kamodzi kouma. Ndinayesa kampeni kopyapyala kwambiri pamwamba, kanakana. Kumanja kanakana, kumanzere kanakana. Pansi kanalowa nsonga yokha. Ndinazunguza shafuti n'kuyesanso, zinali chimodzimodzi. Mpata wotsalawo unali wa kamalata kamodzi, wa mtundu umene umapezeka pa injini iliyonse. Munthu wa ng'ala m'maso, ndi ulusi ndi chikhatho, anali atapala mitanda yowongoka.



"Ndiye bwanji?" anafuula alamu ali pansi.

"Zakumana."

"Kutanthauza kuti madala sanalakwitse?"

"Sanalakwitse. Chinalakwa ndi chiswe cha pabwalo panu."

Kenaka ndinamva akuseka, kuseka kwa munthu amene sakudziwa ngati wapambana kapena wagonja.

"Mwandiwonongera pulani, alamu. Nkhuku ndinali nditaziwerengera kale." Anasasa fumbi m'mawondo. "Koma mdala ameneyu. Dikirani ndiwaimbire achemwali anga amve."

Apongozi anabwera dzuwa litapendeka. Anaima pafupi ndi boti, n'kugunda jeki ndi ndodo yawo.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinavula chipewa n'kuwafotokozera za chitsa. Ndinawapatsa chidutswa chake, ndipo anachifinya m'manja mpaka chitasanduka fumbi. Anapinda mkanjo n'kukwera makwerero, ine ndili pambuyo. M'botimo munalibe malo okhalira chapatali. Tinagwada moyandikana, mapewa kukhudzana, kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo. Ndinawapatsa fila geji n'kutsogolera dzanja lawo pa mbale zija. Anayesa pamwamba, m'mbali, pansi. Kenaka anaibweza n'kuyendetsa chikhadabo kuzungulira pokumana mbalezo.

"Eya," anatero.

Potembenuka, dzanja lawo linagunda chikwama changa, chimene chinali chotsegula. Anapapasa, n'kutulutsa puleni ija. Anaitembenuza, n'kuyesa mpeni wake ndi chala chachikulu.

"Makaniko amayenda ndi puleni masiku ano?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndi yobwereka, Bambo."

"Ndaona kuti ndi yobwereka. Mwini wake sanola. Mukanapala ndi iyi mukanang'amba mlombwa wanga." Anaiika pa mtanda. "Kuyambira Lachitatu sipanala yanu imalira malo amodzimodzi. Ndinadziwa kuti pali chimene chikukuvutani. Munkaganiza kuti ndakhotetsa?"

"Ndinkaganiza choncho, Bambo."

"Ndiye mukanandiuza liti?"

Ndinawauza zoona.

"Pakamwa pankalemera."

Anagwedeza mutu, osati mokwiya.

"Mukanakhoza kukhala kuti munalondola. Maso angawa atha, akamwini. Ana anga akandiuza kuti chakhota sindiwamvera, chifukwa iwo amafuna chikhote. Inu simufuna chikhote. Ndiye mukaona kanthu, mundiuze ine ndili pano, osadikira kuti ndipite kukaswali."

"Ndamva, Bambo."

Popeza anali atatsegula okha njira, ndinapitiriza. Ndinawauza kuti mabawuti sindiwamanga zolimba pabwalo pano. Boti limene lapindika ndi chitsa lidzasinthanso likakhala pamadzi, matabwa akamwa n'kufufuma. Liyenera kugona m'madzi kaye, kenaka munthu ayezenso n'kumanga komaliza. Ndinawauzanso kuti paipi ya utsi anaidutsitsa pafupi kwambiri ndi thabwa, ndipo iyenera kusunthidwa. Imeneyo ndinali nditaiona Lachiwiri.

"Paipi ya utsi?" Anapapasa mpaka ataipeza, n'kuyeza mpatawo ndi zala ziwiri. "Zoona. Isuntheni. Nanga kuyeza kwa pamadziko adzayeza ndani?"

"Aliyense wodziwa fila geji."

"Sindikufuna aliyense. Mudzapemphe tchuthi ku garaja kwanuko."

Alamu anafuula ali pansi kuti jeki yawo aifuna Lolemba, boti lisaizolowere. Apongozi anawayankha kuti jeki ibwerera alamuwo akagula mankhwala a chiswe, popeza bwalo ndi lawo. Tinatsika, iwo patsogolo, ine nditagwira makwerero.

M'mawa mwake ndinapita kwa owotcherera zitsulo pafupi ndi msika wa Tsoka. Ndinasankha marimu atatu akale a matayala a lole ndi mapaipi ochindikala, oti apangire miyendo yachitsulo yolowa m'malo mwa zitsa zija, n'kuwauza kutalika kumene ndinkafuna. Ndinakhala pa benchi n'kumadya chinangwa chootcha iwo akuwotcherera. Atamaliza ndinagogoda mwendo uliwonse ndi hamala, ndinabweza umodzi kuti awonjezere moto, kenaka ndinaitana wa ngolo kuti tiinyamule kupita ku Area 15.